Khadi la M'vesiti ya a Phadnis

Thumba limene khadi la a Phadnis linkagonamo ndinasoka ndine, ndiye pa nkhani imeneyi musanditsutse. Makina anga osokera ali pansi pa nyumba yathu yosanja kuno ku Nashik, pafupi ndi masitepe, moti aliyense wokwera kapena wotsika amadutsa pamphuno panga. Ndimasoka mabulauzi, ndimapinda masiketi ovalira mkati mwa sari, nsalu yaitali ija imene amayi a kuno amavala, ndimafupikitsa mabuluku a ana asukulu. Koma vesiti ya mwamuna wa mwini ndinagwirapo ya munthu mmodzi yekha, ndiye Dattatray Phadnis amene amakhala pamwamba pa ine.

Anabwera nayo ataikulunga m'nyuzipepala. Anayang'ana uku ndi uku, kenako nkutsitsa mawu.

"Achemwali a Kusum, ndikufuna thumba. Mkati. Pamtima penipeni. Likhale la zipi, pamwamba pa zipiyo muikepo batani."

"Mukufuna kusungamo chiyani, achimwene? Golide wa agogo anu?"

"Musafunse zimenezo. Akuba amayamba ndi mafunso omwewo."

Ndinawasokera. Sabata yotsatira anabweretsa mavesiti ena onse, mpaka obowoka m'khwapa omwe.

Bamboyu moyo wake wonse anagwira ntchito ya boma yoyendera masikelo a m'misika. Akangolowa mumsika ndi kachikwama kawo ka miyala yoyesera, ogulitsa anyezi ankayamba kutuluka thukuta. Ntchito imeneyo inawaphunzitsa kuti aliyense amaba, kungoti ena sanagwidwe. Atapuma pa ntchito masikelo anawasiya, koma maso aja anabwera nawo kunyumba. Ankakayikira wa mkaka, wa magetsi, wa nyuzipepala. Inenso ndikawasokera shati ankafuna ndiwabwezere tizidutswa ta nsalu totsala.

Nanga munthu wotere khadi la ngongole analitenga bwanji? Anatengeka ndi poto. Mtsikana wina wa ku banki anaima pakhomo pa sitolo yaikulu akulembetsa anthu, ndipo aliyense wolembetsa ankamupatsa poto wophikira mpunga waulere. A Phadnis chinthu chaulere sachidutsa. Poto anafika, akazi awo nkuphikamo tsiku lomwelo. Kenako khadi linafika, ndipo kuyambira pamenepo tulo tawo tinathawa.

Analikulunga m'pepala lonyezimira la m'paketi ya tiyi, chifukwa anamva kuti m'basi muli anyamata oyenda ndi kamakina koyamwa ndalama khadi lili m'thumba. Analiika m'vesiti, nkutseka zipi, nkumanga batani, pamwamba nkuvala shati ndi juzi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Posamba ankapachika vesitiyo pa msomali woyang'anizana nawo. Khadilo ankaligwiritsa ntchito kamodzi pa chaka, kugula paketi imodzi ya tiyi, kuopa kuti banki ingalitseke. Pa tsikulo ankanyamula ambulera, ndipo polemba nambala yachinsinsi pa makina a m'sitolo ankaitambasula nkudziphimba nayo, anthu a pamzere akuonerera.

Chikanakhala chawo chokha, bwenzi tikungoseka. Koma anayambitsa Komiti Yoteteza Makhadi, wapampando iwo, mlembi iwo, msungichuma iwo omwe. Lamlungu lililonse m'mawa tinkasonkhana m'shedi yoimikamo njinga zamoto, tonse a m'nyumba yathu, chifukwa ukajomba ankakugogodera pakhomo nkudzakuphunzitsa wekha.

Msonkhano uliwonse unkayamba ndi a Godbole. Awa ndi mphunzitsi wopuma wa m'chipinda chapakona, amene tsiku lina anaimbiridwa foni kuti awina firiji, iwo nkuwerengera woimbayo nambala zonse za pa khadi lawo mokoma mtima.

"Imani a Godbole, anthu akuoneni."

"Ndinaima kale sabata yatha, achimwene."

"Imaninso. Kaya firiji ija ikuzizira bwino?"

A Godbole ankaima, nkumayang'ana nsapato zawo. Ndinkawamvera chisoni bambo amene uja.

Kunena zoona, zimene a Phadnis ankaphunzitsa sizinali zabodza. Nambala imene banki imatumiza pa foni ukamagula chinthu, usauze munthu. Nambala yachinsinsi isakhale tsiku lobadwa la iwe kapena la mwana wako, zimenezo nzopusa. Khadi lisachoke pamaso pako. Chiyambireni komitiyo palibe wa m'nyumba yathu amene anaberedwanso, apo ndiwayamike. Vuto linali lakuti bamboyu analibe polekezera. Tsiku lina ku malo odyera, woperekera zakudya atatenga khadi la a Godbole, a Phadnis anamutsatira mpaka kukhitchini, nkutuluka shati ili ndi mafuta.

Malamulo awo aakulu anali awiri. Loyamba, munthu akaimba foni nkunena kuti ndi wa ku banki, usamuyankhe "inde" pa chilichonse, ngakhale atakufunsa ngati kunja kwacha. Lachiwiri, uthenga wa pa foni si wotsegula, chifukwa akuba amalowera mmenemo. Iwo uthenga sankaukhudza ndi chala chomwe. Foni ikalira ankaipereka kwa akazi awo, a Sunanda, kuti afufute.

"Wakuba akalowera kwa mayi a Ketaki apeza chiyani?" ankatero pamsonkhano. "Sadziwa kanthu awa. Ndiye chitetezo chenicheni chimenecho."

A Sunanda ankangomwetulira nkumathira anthu tiyi. Ndi mayi wosalankhulalankhula, wa mtundu uja umene anthu amaiwala kuti uli m'chipinda. Foni yawoyawo ankaidziwa kuposa ana asukulu, chifukwa tsiku lililonse ankaonana pa kanema ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Ketaki, amene anakwatiwa kutali ku Guwahati. Pa Padwa, tsiku lotsatira mapemphero a Lakshmi, mulungu wamkazi wa chuma, pa chikondwerero cha Diwali, pamene mwamuna aliyense amapatsa mkazi wake mphatso, anzawo ankalandira sari kapena ndolo. A Sunanda chaka china analandira loko, chaka china wezulo yoimba akaona wakuba. Ankathokoza bwinobwino nkukaika m'kabati.

Chaka chimene ndikunenachi Ketaki anali woyembekezera mwana wake woyamba. Mwana woyamba mtsikana amakabadwitsira kwa amayi ake, ndipo a Sunanda anali atakonza kale chipinda. Koma miyezi itatsala pang'ono kukwana, adokotala anamuletsa kuyenda, anati agone basi, asadzuke. Mwamuna wake amachoka m'mawa kupita ku ntchito, abale onse ali kuno. Ndiye panalibe kuchitira mwina, mayi anayenera kupita kwa mwana.

Sitima zonse zinali zodzaza, monga zimakhalira pa Diwali. Inatsala ndege. Ndalama zimene a Phadnis anasunga anazitsekera ku banki mwa njira yoti ngakhale iwo eni sangazikhudze nthawi isanakwane, ndipo penshoni ya mwezi umenewo inali itathera ku zokonzekera chikondwerero. Mkamwini anaimba foni kuti agula tikitiyo ndi iye. Pamenepo mwamuna ndi mkazi anagwirizana kukana. Makolo a mtsikana satenga kanthu kunyumba imene anakwatitsako mwana, makamaka pa uchembere woyamba, umene ndi udindo wawo. Apongozi a Ketaki akanamva, nkhani ikanafika m'maukwati onse a chaka chimenecho. Njira inatsala imodzi, ndipo inali m'vesiti.

Zenera lawo lili pamwamba pa makina anga, ndiye sindinachite kutchera khutu.

"Bambo a Ketaki, mwana wagona. Akulephera ngakhale kudzitungira madzi akumwa."

"Malo m'sitima apezeka. Wina asintha maganizo."

"Nanga akapanda kusintha? Khadi lija munatengera chiyani?"

"Ndilembe nambala zanga pa intaneti? Ine? Ndiwaitane ndekha akuba kuti bwerani mudzadye? Anthu a m'nyumba muno adzandiona bwanji?"

"Mwana ndi wanunso ameneyu."

"Ndiye chifukwa chake ndikusunga chuma chake!"

Sutikesi ya a Sunanda inakhala pakhomo yolongedza kale. Munali timabulangeti ta mwana timene ndinasoka ndi masari awo akale ofewa, munalinso chitini cha maladu, timibulu totsekemera topatsa mphamvu mayi wobereka kumene. M'mawa uliwonse a Phadnis ankaidumpha popita kukafunsa za sitima, nkuidumphanso pobwera chimanjamanja. Ine zinkandipsetsa mtima moti tsiku lina ndinathyola singano ziwiri. Sikuti bamboyu sankamukonda mwana wake, ayi. Ndinkawaona ataima pakhonde akuyang'ana chithunzi chake. Kungoti mantha awo anali atakula kuposa iwo eni.

Tsiku la mapemphero a Lakshmi linafika. Chimwalirireni amuna anga, banja limeneli limandiitana chaka chilichonse kuti ndisapemphere ndekha, ndiye dzuwa litapendeka ndinakwera masitepe. Pa tsikuli chuma chonse cha m'nyumba chimaikidwa pamaso pa mulungu wamkaziyo kuti achidalitse, kaya ndi zibangili, makobidi asiliva, makiyi a kabati, ngakhale tsache latsopano. A Phadnis, pokhala munthu wa mwambo, sakanabisira Lakshmi khadi. Anatseka mazenera, nkukhoma chitseko, nkumasula batani, nkutsegula zipi. Khadi linatuluka m'pepala lake lonyezimira nkugona m'mbale yasiliva pakati pa tinyali ta mafuta.

Wodontheza ufa wofiira ndi wachikasu pa zinthuzo amakhala mayi wa m'nyumba, mwamuna ntchito yake ndi kutchula maina a Lakshmi. Mainawo ndi ambiri, ndipo a Phadnis ankanyadira kuti amawadziwa onse pamtima. Pofuna kuti tione kuti sakuonera m'buku, ankatsinzina zolimba, khosi nkulikweza kudenga.

Nanenso ndinatsinzina, koma bondo langa limavuta ndikakhala pansi, ndiye posuntha mwendo diso limodzi linatseguka. Ndinaona a Sunanda akutulutsa foni m'chiuno mwa sari yawo. Anajambula khadilo kumaso, nkulitembenuza, nkujambulanso kumbuyo, kenako nkulidontheza ufa wofiira mwaulemu wonse. Atadzutsa mutu maso athu anakumana. Ine ndinatseka diso langa lija nkuyamba kuvomereza mapemphero mokweza kuposa onse.

"Lero mzimu wakufikani, achemwali," anatero a Phadnis atamaliza, akubweza khadi m'vesiti.

"Wandifika ndithu, achimwene."

Mawa lake inali Padwa. M'mawa a Sunanda anazunguliza kanyali pamaso pa amuna awo monga mwa mwambo, ndipo analandira mphatso yawo, unyolo womangira chikwama ku dzanja. Masana a Phadnis atadya nkuyamba kuliza mkonono, mayiyo anatsikira kwa ine ndi mafoni awiri. Anakhala pa kampando ka makasitomala, nkuika mafoniwo pa makina anga.

"Achemwali, zimene ndikuchitazi si kuba?"

"Kuba kwake kuti? Vesiti imeneyo mwachapa ndinu zaka zonsezi. Khadilo likununkhira sopo wanu."

Anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. Anasankha ndege ya mawa lake m'mawa, nkulemba nambala za pa chithunzi chija. Foni ya amuna awo inalira, nambala ya ku banki ija inafika. Anaiwerenga, nkuilemba, kenako nkufufuta uthengawo monga momwe anawalamulira eni ake.

"Muwauza liti?"

"Ndili pakhomo, sutikesi ili m'manja. Akakalipa akalipire masitepe."

Koma banki sinadikire mawa. Chakumadzulo tonse tinasonkhana m'shedi muja kugawana zokazinga za Diwali, ndipo a Phadnis anaona kuti anthu ochuluka chotere sangangodya osaphunzira kanthu. Anali atangoimitsa a Godbole pamene foni ya a Phadnis inalira, nambala yachilendo. Nkhope yawo inawala. Palibe chimene ankachikonda kuposa kunyoza wakuba anthu akumva. Anakweza mawu a foniyo nkuinyamula m'mwamba.

"Moni bambo," anatero mawu a mtsikana. "Kodi ndikulankhula ndi Bambo Dattatray Phadnis?"

"Mwina."

Anthu anaseka.

"Ndikuimba kuchokera ku banki yanu, bambo, za khadi lanu la ngongole."

"Ehee! Mwamva? Pitiriza mwanawe, pitiriza. Ndawina chiyani lero? Firiji usavutike nayo, anatenga kale a Godbole."

"Simunawine kanthu, bambo."

"Ndiye funsa nambala ija msanga, tiyi wanga akuzizira."

"Nambala iliyonse musandiuze, ndipo musauze munthu wina aliyense."

Apa kuseka kunachepa. Wakuba wotere a Phadnis anali asanakumanepo naye.

"Khadi lanu limagula tiyi kamodzi pa chaka," anapitiriza mtsikanayo. "Koma lero masana lagula tikiti ya ndege. Tikungofuna kudziwa ngati mwagula ndinu."

A Phadnis anadzigwira pamtima. Khadi linalipo, zipi yotseka, batani lomanga. Anayamba atuwa kaye, kenako, ndikulumbira, nkhope yawo inaoneka ngati ya munthu wokondwa.

"Si ndinkanena ine? Si ndinkanena? Afika mpaka kwa ine! Tsopano muona mmene munthu amachitira. Iwe mtsikana, ndegeyo ndi yopita kuti?"

"Ife timangoona dzina la kampani, bambo. Mukati si inu, khadi tilitseka pompano, malipirowo tiwaletsa, tikitiyo ifa, ndipo inu mukadandaule kupolisi. Mungoyankha kuti inde kapena ayi."

Bamboyo anakoka mpweya wambiri kuti "ayi" wake amveke mpaka kumsewu. A Sunanda anali ataima pambali ndi mbale ya maladu, unyolo wa mphatso uja ukulendewera ku dzanja. Anaika mbaleyo pa mpando wa njinga yamoto.

"Ndi ya ku Guwahati," anatero, mosakweza mawu. "Mawa m'mawa."

Wina anasiya kutafuna chokazinga chili m'kamwa.

A Phadnis anayang'ana akazi awo, nkuyang'ana ife, nkuyang'ana foni. Tonse tinkadziwa zimene zinali m'manja mwawo. Akanati ayi, lamulo lawo likanakhala losathyoka, iwo nkukhalabe munthu amene sanapusitsidwepo. Koma akazi awo akanasanduka wakuba pamaso pa nyumba yonse, ndipo Ketaki akanachira yekha pakati pa alendo. A Sunanda sanapepese, sanaweramitsenso mutu. Anangowayang'ana amuna awo mmene amayang'anira mkaka uli pamoto.

"Bambo, mulipo?" anafunsa mtsikana uja. "Mwagula ndinu?"

A Phadnis anatsitsa foni ija kufika pakamwa.

"Inde."

"Pepani, sindinamve bwino."

"Ndati inde! Ndine! Mkazi wanga akupita kwa mwana wake, vuto lili pati?"

"Palibe vuto, bambo. Zikomo, Diwali yabwino."

Foni inaduka. Kenako a Godbole, amene anali chiimire nthawi yonseyi, anakhala pansi pang'onopang'ono, nkupinda miyendo, nkutenga ladu.

"Imani achimwene," anatero, "anthu akuoneni."

Chiseko chimene chinabuka pamenepo, agalu a mumsewu anauwa. A Phadnis makutu anawafiira.

"Lero ndi Padwa!" anakuwa. "Mwamuna amapatsa mkazi wake mphatso! Inuyo akazi anu mwawapatsa chiyani, sari? Ine ndapereka ndege!"

Pomwe tinkabalalika anali atayamba kale kufotokozera mlonda wa pageti kuti zonsezo anakonza ndi iwo, pofuna kuyesa ngati banki ili maso. Bamboyu ndi wosatheka.

Ndikutseka makina anga, ndinamva mapazi pa masitepe. Anali iwo, atanyamula chinthu chokulunga m'nyuzipepala. Ulendo uno sanayang'ane uku ndi uku. Munali bulauzi ya a Sunanda.

"Achemwali, thumba. Ngati langa lija."

"Zipi ndi batani?"

"Zipi yokha. Batani limachedwetsa. Mwina kuchipatala angafune kanthu mwamsanga."

Ndinasoka osawalipiritsa, ndipo tizidutswa totsala sanafunse.

M'mawa mwake rikisho, kagalimoto ka hayala ka matayala atatu, inaima pageti. Sutikesi ija inachoka pakhomo, a Phadnis ataisenza okha, akukalipira woyendetsa kuti asadutse njira yaitali. A Sunanda atakhala mkati, bamboyo anavula juzi, nkumasula shati pamsewu pomwepo, anthu akudutsa. Anatulutsa khadi, ufa wofiira ukadali pamenepo, nkuliika m'manja mwa akazi awo. Kenako anawerama kuti awanong'oneze nambala yachinsinsi, dzanja ataphimba pakamwa.

"Ndi tsiku lobadwa Ketaki," anatero a Sunanda bamboyo asanayambe nkomwe.

"Mwadziwa bwanji?"

"Loko ya kabati, ya sutikesi, ya njinga yanu, zonse ndi yomweyo, bambo a Ketaki. Mudye bwino. Mpunga uli m'poto uja."

Rikisho inanyamuka. A Phadnis anaima pageti shati ili yomasula, thumba la m'vesiti lili pululu, mpaka inakhota pakona. Atabwerera sanakwere kwawo. Anaima pafupi ndi makina anga akutembenuzatembenuza foni m'manja.

"Achemwali a Kusum, akafika, kapena mwana akabadwa, mwina atumiza uthenga."

"Atumiza ndithu."

"Nanga uthengawo amatsegula bwanji?"

Ndinawaonetsa pogwira. Tsiku lonselo anakhala pa kampando ka makasitomala anga, magalasi ali pamphuno, akutsegula uthenga uliwonse umene unkalowa, ngakhale wa otsatsa sopo.